Kodi dzina la Estere ndi la fano? Yankho kwa mayi wina

Mayi wina wanditumizira imelo ndipo wandilola kuti ndimuyankhire pano. Walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ndinamutcha Estere potengera agogo ake amene anatisiya. Tsopano mnzanga wa kumapemphero akuti dzinali ndi la mulungu wachikunja, ndiye ndilisinthe mwana asanakule. Kodi limatanthauza chiyani, nanga linachokera kuti?"

Mayi, mtima ukhale pansi, dzinalo musalisinthe. Komabe mnzanuyo sanangoipeka nkhaniyi, pali pomwe inachokera, ndiye tiyeni tiione bwinobwino.

Mtsikana amene timamudziwa kuti Estere anali ndi mayina awiri. Pa Estere 2:7 timamva kuti Moredekai analera mwana wamasiye dzina lake Hadasa, amene ndi Estere yemweyo. Dzina la Hadasa limapezeka pamenepo pokha m'Baibulo lonse. Ndi lachiheberi, lochokera ku mawu akuti hadas, kamtengo kamene Mabaibulo athu amakatcha mchisu. Kamtengoka kamakhala kobiriwira chaka chonse, kamachita maluwa oyera, ndipo ukafikisa masamba ake m'manja fungo lake limakhalira pa zala. Ayuda amakakonda kwambiri. Pa Nehemiya 8:15 anthu anauzidwa kuti akathyole nthambi zake kumapiri zomangira misasa, ndipo mpaka lero pa Chikondwerero cha Misasa amanyamula nthambi zitatu za mchisu. Yesaya 55:13 amalonjeza kuti pamene panamera zitsamba zoyabwa padzamera mchisu. Mwina makolo amene anatcha mwana wawo Hadasa ali ku ukapolo ankakumbukira kwawo.

Dzina lachiwirilo si lachiheberi ayi. Nkhaniyi inachitikira ku Susa, mzinda umene mabwinja ake ali m'dziko la Iran lero, pafupi ndi tauni ya Shush. Mfumu Ahaswero akatswiri ambiri amati ndi Xerxes woyamba, amene analamulira Perisiya kuyambira 486 mpaka 465 Khristu asanabadwe. Banja la Moredekai linachotsedwa ku Yerusalemu m'masiku a Nebukadinezara, pamodzi ndi mfumu Yekoniya, mu 597. Ndiye kuti Hadasa anabadwira kuchilendo, patapita zaka pafupifupi 100 chichokereni makolo ake. Ayuda ena a kumeneko ankakhala ndi dzina la m'nyumba ndi lina loyendera pagulu, monga mmene agogo athu ambiri anali ndi dzina la kumudzi ndi lina la pa ubatizo.

Za gwero la dzina la Estere akatswiri a zilankhulo amagawanika pawiri. Ena amati linachokera ku mawu achiperisiya otanthauza nyenyezi, ndipo mpaka pano anthu a ku Iran nyenyezi amaitcha setareh, mawu amene amatchanso ana aakazi. Ena amati linachokera kwa Ishtar, mulungu wamkazi wa ku Babulo, wa chikondi ndi nkhondo, amene ankamuphiphiritsa ndi nthanda, nyenyezi yowala ija ya m'bandakucha. Apa ndi pamene pali nkhani ya mnzanuyo. Mfundoyi ili ndi mphamvu chifukwa dzina la Moredekai nalonso limafanana kwambiri ndi la Marduk, mulungu wamkulu wa ku Babulo, ndipo pa timapale tadongo tofukulidwa ku Persepolis, mzinda wakale wa ku Perisiya, pamapezeka dzina lakuti Marduka, la anthu ogwira ntchito za boma. Ine ndimapendekera ku tanthauzo la nyenyezi, popeza mtsikanayu ankakhala pakati pa Aperisiya, koma sindingakunamizeni kuti za Ishtar n'zabodza.

Tsono tiyerekeze kuti linachokeradi kwa Ishtar. Kodi Baibulo limachita nazo mantha? Danieli anamutcha Belitesazara, ndipo pa Danieli 4:8 Nebukadinezara akunena yekha kuti dzinalo linatengera dzina la mulungu wake. Azariya anamutcha Abedinego, ndipo analowa m'ng'anjo yamoto akuitanidwa dzina lomwelo, koma moto sunamupserezeko ngakhale tsitsi. M'Chipangano Chatsopano muli Apolo, mlaliki wa ku Alexandria, amene dzina lake likuchokera kwa mulungu wachigiriki, ndipo Paulo sanamuuze kuti alisinthe. Anangonena kuti iye anadzala, Apolo anathirira. Zimandiwawa ndikamaona mayi akuda nkhawa ndi dzina la mwana wake chifukwa cha chiphunzitso chimene Malemba omwewo sakuchivomereza.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mmene aphunzitsi achiyuda akale analimvera dzinali. M'buku lawo la Talmud, m'chigawo cha Megillah, anakangana za mayina awiriwa. Rabi Meir anati dzina lake lenileni linali Estere, ndipo ankamutcha Hadasa chifukwa anthu olungama amafanizidwa ndi mchisu. Rabi Nehemiya anati linali Hadasa, ndipo Estere linali la anthu a mitundu ina. Rabi Yehuda anamva china. M'Chiheberi, zilembo za s, t ndi r zikatsatana zimapanga mawu otanthauza kubisa, ndiye iye anati anamutcha Estere chifukwa ankabisa za iye mwini. Zoonadi pa Estere 2:10 ndi 2:20 timamva kuti sanaulule mtundu wake, pomvera Moredekai. Malo ena mu Talmud yomweyo amalumikiza dzinali ndi Deuteronomo 31:18, pamene Mulungu akuti adzabisa nkhope yake. Kumeneku si kufotokoza gwero la dzina, n'kusinkhasinkha kwa anthu okonda Malemba, koma kukugwirizana ndi buku la Estere modabwitsa. M'machaputala onse 10 a Estere wachiheberi dzina la Mulungu silitchulidwa ngakhale kamodzi. Mfumu ingosowa tulo usiku wina, n'kuitanitsa buku la mbiri, n'kupeza pomwe panalembedwa zoti Moredekai anaulula chiwembu chofuna kupha mfumuyo. Palibe nyanja yogawanika, palibe mngelo, koma anthu akupulumuka. Akatolika mudzaona kuti m'Baibulo lanu muli mapemphero a Estere ndi Moredekai otchula Mulungu poyera, chifukwa muli zigawo zochokera ku Estere wachigiriki.

Ndipo wobisayo ndiye anadzaulula. Hamani, nduna yaikulu ya mfumu, atakonza zoti Ayuda onse aphedwe m'zigawo 127 za ufumuwo, Estere anauza anthu ake asale kudya masiku atatu, n'kulowa kwa mfumu osaitanidwa, chinthu chimene chilango chake chinali imfa pokhapokha mfumu itamuloza ndi ndodo yake yagolide. Pa phwando lachiwiri ananena pamaso pa Hamani kuti anthu ogulitsidwa kuti aphedwewo ndi anthu a mtundu wake. Zonsezi anachita akutchedwa Estere. Ayuda amakumbukira zimenezi pa chikondwerero cha Purimu, pa 14 ndi 15 mwezi wa Adara, cha mu February kapena March, ndipo bukuli amaliwerenga lonse mokweza m'sunagoge, ana akuchita phokoso dzina la Hamani likangotchulidwa. Anthu amene amadana ndi mafano kwambiri chonchi akhala akutcha ana awo Estere kwa zaka mazanamazana.

Dzina la Hadasa nalo silinafe. Mu 1912 Henrietta Szold anayambitsa ku New York bungwe la amayi achiyuda lotchedwa Hadassah, ndipo chipatala chachikulu cha ku Yerusalemu chimadziwika ndi dzina lomweli. Ngati mwalikonda, mutha kumuwonjezera mwanayo kuti akhale nawo onse awiri. Chomwe ndingakupempheni n'chakuti musankhe kalembedwe kamodzi, kaya Esther, Estere kapena Esitere, ndipo kafanane pa chiphaso chobadwira, pa khadi la ubatizo ndi m'kaundula wa kusukulu, kuti asadzavutike polembetsa mayeso.