Laputopu ya kaunjika yakana Windows 11, ndiike Linux?

Mchemwali wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Akuti wagula laputopu yakale ku Limbe, RAM yake ndi 4GB, Windows 11 yakana kulowa, ndiye anzake akumuuza kuti angoika Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Akufunsa ngati awamvere.

Achemwali, mwandikumbutsa zowawa. Ndili chaka chomaliza ku koleji, laputopu yanga inali ndi Windows yakuba imene anandiikira mnyamata wina wokonza mafoni. Tsiku lina ndinapita kukapulintitsa asayimenti pa kashopu kena. Pofika kunyumba, fulashi yanga inali itatola vairasi ija yosandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut. Machaputala atatu a pulojekiti, ziii! Usiku umenewo nsima sinalowe.

M'mawa mwake mnzanga wa ku Ndirande anabwera ndi fulashi ya Ubuntu, mtundu wina wa Linux, nayatsira laputopu yanga kuchokera pa fulashipo. Titalowetsa fulashi yanga yodwala ija, mafoda onse anali phee, pomwepo. Vairasi inangowabisa, ndipo mu Linux inalibe mphamvu. Ndinatembenuka mtima tsiku lomwelo. Nditamvanso kuti Ubuntu anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu, ndinayamba kulalikira paliponse, mu minibasi momwe.

Kenako ndinagwa chagada. Ndinalemba pulojekiti yonse mu LibreOffice, pulogalamu yolembera imene imabwera ndi Ubuntu, n'kutumiza kwa aphunzitsi amene ankaitsegula mu Word. Matebulo anasefukira kunja kwa tsamba, manambala a masamba akudumphana. Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Achimwene, mwalemba izi muli pa kabaza?" Kuyambira pamenepo chilichonse chopita kwa munthu wina ndimachisandutsa kaye PDF.

Koma pali chinthu chimene chimandikwiyitsa, ndipo sindibisa. Anyamata ena okonza makompyuta amakakamiza Windows 11 pa makina amene sakukwanira. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo ngati pulosesa (ubongo wa kompyuta) ndi ya kampani ya Intel, imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Iwo amalambalala zimenezi, inu mumalipira, pofika kunyumba laputopu ikukwawa ngati kamba. Kumeneko n'kubera anthu masana dzuwa likuswa mtengo. Enanso amati ingokhalani pa Windows 10, osakuuzani kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025. Imayaka ndithu, koma zibowo zatsopano za chitetezo sizimatidwanso mwa nthawi zonse, ndipo inu mumalowa nayo pa akaunti ya kubanki.

Za MacBook musandifunse n'komwe. Ndi makina abwino, batire lake limapirira magetsi akazima, koma likadzafa, wolisintha mudzamusaka Blantyre yense, ndipo mtengo wake mudzakhala pansi.

Ndiye mutani?

Simunandiuze zimene mumagwiritsira ntchito laputopuyo, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati ndi kulemba, intaneti, YouTube ndi Zoom, ikani Linux yotchedwa Linux Mint, musankhe mtundu wake wa Xfce. Ndi yaulere, ndi yopepuka pa 4GB, maonekedwe ake ndi ofananako ndi Windows, ndipo ma update ake amadikira chilolezo chanu, sadya bandulo muli mtulo. Ngati kusukulu kapena kuntchito akufuna Photoshop, AutoCAD kapena Excel yeniyeni, Linux ikuvutitsani. Sungani ndalama, mugule laputopu yolola Windows 11 popanda kuikakamiza.

Musanafufute chilichonse, koperani mafayilo anu kwina, kenako yatsani Mint kuchokera pa fulashi monga anachitira mnzanga uja. Muone ngati Wi-Fi, mawu ndi pulinta zikugwira. Ndilembereninso mundiuze pulosesa imene ili m'kati mwakemo.