Ndigulitse vani kuti bambo a kunyumba abwerere ku America?

Funso: Ndimakhala ku Indiana ndipo ndine nzika ya America. Amuna anga anabwera pa viza ya alendo, masiku atawathera anangokhala, zaka zinayi. Apongozi atatisiya anapita kumaliro ku Ntcheu. Ndinawapemphera viza ya pabanja, koma ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe anawakaniza, akuti sangalowe kwa zaka 10. Tili ndi kabizinesi koyeretsa m'maofesi. Ndigulitse vani yathu kuti ndilipire loya?

Yankho: Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma vaniyo isiyeni kaye.

Lamulo lomwe lawagwira bambowa ndi la 1996. Wokhala ku America popanda chilolezo masiku opitirira 180 akatuluka amatsekeredwa zaka zitatu, ndipo akafika chaka chathunthu zimakhala 10. Popeza ali kale kunja, chikhululuko chochotsa chiletsochi chimapemphedwa ku USCIS, nthambi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dzikomo, pa fomu ya I-601. Ya I-601A ndi ya amene sanatuluke, wina asakulipiritseni imeneyo. Mu April 2024 mtengo wa I-601 unaikidwa pa madola 1,050. Onaninso musanalipire, ndipo dziwani kuti akakana ndalamazo sabweza. Za loya n'zapadera.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Boma silifunsa mmene bambo akuvutikira ku Ntcheu. Likufuna kuona mavuto aakulu zedi ogwera inuyo, mkazi wawo. Ngakhale ana sawerengedwa paokha pa nkhani iyi. Vuto la mwana limalowa likamakulemerani inu. Ndipo kungoti ndalama zachepa, ndawasowa amuna anga, a boma amati n'zimene banja lililonse lopatukana limaona.

Ndiye mapepala ayankhule. Tengani mafomu a msonkho a zaka zomwe bambo analipo, muwaike pambali pa a chaka chino. Ngati iwo ndiwo ankagwira usiku ndipo pano mukulipira munthu wina, onetsani malipirowo mwezi ndi mwezi. Kasitomala amene anakusiyani chifukwa simungakolope ofesi nthawi ya 10 koloko usiku ana ali okha, kalata yake yothetsa mgwirizano musataye. Lendi, inshuwalansi, ngongole ya vani, malisiti a ndalama zomwe mumatumiza kumudzi, zonse mu fayilo imodzi. Ngati mukudwala, kaya BP kaya kusowa tulo, dokotala alembe, chifukwa boma limaona mavuto onsewa pamodzi. Mufotokozenso chimene chingakugwereni mutati muwatsatire ku Malawi. Kalata iliyonse ya m'Chichewa ipite ndi kumasulira kwake m'Chingerezi, womasulirayo atasainira.

Mukagulitsa vani, bizinesi yaima, pamene yankho limatha kutenga nthawi yoposa chaka. Mudzadya chiyani podikira? Komanso viza ikamatuluka mudzafunika kuonetsa pa fomu ya I-864 kuti mumapeza zokwanira kusamalira banja. Pemphani loya kuti muzilipira pang'onopang'ono, mgwirizano ulembedwe. Mabungwe ena osachita phindu ali ndi anthu ovomerezeka ndi boma othandiza pa mtengo wotsika. Uja wa "ndimadziwa munthu mkati" musamupatse ngakhale dola imodzi.

Musanatulutse kalikonse, loyayo mumufunse zinthu ziwiri. Kodi pali chifukwa china chomwe anawakanizira kupatula kupitirira masiku? Nanga popeza kuyambira 2025 America yakhwimitsa malamulo a viza kwa Amalawi, chikhululuko chikatheka viza ituluka panopa? Pepala lomwe bambo anapatsidwa ku Lilongwe alijambule bwinobwino, mupite nalo.