Kodi faili ya NixOS ingabwezeretse seva yanga ya Git itawonongeka?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yonena kuti akufuna kuchotsa khodi yake pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo khodi pogwiritsa ntchito Git (pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa khodi), n'kuiika pa seva yakeyake yoyendera NixOS, mtundu wina wa Linux. Iye wamva kuti popeza makonzedwe onse a makinawo amalembedwa mu faili imodzi, seva itati yawonongeka angathe kuimanganso m'kanthawi kochepa osataya kanthu, ndiye akufunsa ngati zimenezi n'zoona komanso pulogalamu imene ingamuyenere.

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanuli. Pa nkhani ya pulogalamu sindichulutsa mawu: ngati muli nokha kapena ndi anzanu owerengeka, tengani Forgejo, pulogalamu yogwira ntchito ngati GitHub koma pa seva yanuyanu, imene inachokera ku pulogalamu inzake ya Gitea kumapeto kwa 2022, monganso Gitea inachokera ku Gogs mu 2016. GitLab imachita zambiri, koma imadya memore kwambiri pa ntchito zimene mwina simudzazigwira n'komwe.

Kuiika n'kosavuta. Mu faili ya /etc/nixos/configuration.nix mulembe services.forgejo.enable = true, kenako muyendetse nixos-rebuild switch, ndipo Forgejo idzayamba kumvetsera pa poti 3000, zinthu zake n'kumazisunga mu /var/lib/forgejo ndi database ya SQLite. Patsogolo pake muikepo nginx, pulogalamu yolandira obwera pa tsamba n'kuwapititsa kwa Forgejo, yokhala ndi enableACME kuti satifiketi ya Let's Encrypt yotetezera tsambalo izibwera yokha, ndipo muyatse DISABLE_REGISTRATION, apo ayi anthu osawadziwa adzadzitsegulira maakaunti pa seva yanu.

Tsopano pa zimene mwamvazo, theka lake n'zoona ndipo theka linalo likhoza kukugwetsani m'mavuto. Failiyo imafotokoza mmene makina ayenera kukhalira: mapulogalamu ati aikidwe, mapoti ati atsegulidwe, ntchito ziti ziyambe makina akayaka. Koma siidziwa chilichonse cha zimene zalembedwa mu /var/lib/forgejo kuyambira tsiku limene munayamba kugwiritsa ntchito sevayo. Disiki ikafa lero, mawa mudzamanga seva yofanana ndendende ndi yakaleyo, koma mukadzatsegula tsamba lake mudzapeza mulibe repository (nkhokwe ya khodi ndi mbiri yake) ngakhale imodzi. N'zoona kuti aliyense amene anachita git clone, kutanthauza kukopera repository, ali ndi mbiri ya khodi pakompyuta pake, komatu ma issue (malipoti a mavuto), ma pull request (mapempho osinthira khodi), maakaunti ndi makiyi a SSH a anzanu zonsezo zimakhala mu database, ndipo sizitsagana ndi clone.

Chimodzimodzinso ndi kubwerera m'mbuyo, kumene anthu amaitamandira nako kwambiri NixOS. Nthawi iliyonse imene mwasintha makonzedwe pamapangidwa generation yatsopano, kutanthauza mtundu watsopano wa makonzedwewo, ndipo yakale mukhoza kuisankha poyatsa makina. Koma NixOS imatuluka kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala, ndipo mukakweza, Forgejo yatsopano ikhoza kusintha kapangidwe ka database ikangoyamba kuyenda. Mukabwerera ku generation yakale, pulogalamu ndiyo imabwerera, database imatsala mmene yasinthidwiramo, ndipo Forgejo yakale ikaona database yoiposa msinkhu imakana kuyamba. N'chifukwa chake ine sindikweza ndisanatenge kope la chikwatu chonse cha /var/lib/forgejo. Kuyatsa services.forgejo.dump.enable kumathandiza chifukwa makope amatengedwa okha, koma mukapanda kusintha malo osungira, makopewo amaikidwa pa disiki yomweyo imene mukuopa kuti ifa, choncho muziwatumiza kwina pogwiritsa ntchito restic kapena BorgBackup, ndipo tsiku lina muyesere kuwabwezeretsa pa makina ena kuti mutsimikize kuti amatseguka.

Za mawu achinsinsi ndinenepo pang'ono. Chilichonse cholembedwa mwachindunji mu configuration.nix chimakathera mu /nix/store, mmene aliyense wokhala ndi akaunti pa makinawo amatha kuwerenga, ndiye pa zachinsinsi gwiritsani ntchito agenix kapena sops-nix, zida zimene zimazitsekera ndi kiyi.

Palinso msampha wina umene anthu osamala ndi amene amakodwamo kwambiri. Mukangoona kuti Forgejo ikuyenda bwino, mtima udzafuna kuti faili ya makonzedwe a sevayo muisunge mu repository ya pa seva yomweyo, ndipo palibe cholakwika malinga ngati si malo okhawo. Seva ikazima, faili yoimangiranso idzakhala itatsekeredwa m'katimo, choncho sungani clone ina pa laputopu yanu, ndipo kiyi yotsegulira zachinsinsi zija muisunge pamalo achitatu.