Khodi ya P0335 pa Hilux: musagule sensa yachitatu musanayeze

Achimwene, mwati Hilux yanu ya petulo, ya injini ya 3RZ, imazima ikatentha mukamayenda pakati pa Salima ndi Nkhotakota, ndipo khodi ya P0335 ikubwererabe ngakhale mwasintha kawiri sensa ya crankshaft, yomwe imauza kompyuta momwe injini ikuzungulira. Chonde musagule yachitatu. Khodi imeneyi sikutanthauza kuti sensa yafa. Ikungonena kuti kompyuta ya galimoto yasiya kumva kuzungulira kwa injini, ndipo uthengawo ukhoza kudukira pa sensa, pa pulagi, m'mawaya, ngakhale pa batire.

Yambani ndi batire chifukwa sizidya nthawi. Potchaya sitata, magetsi asatsike kupitirira 9.6V. Sensa ya injini imeneyi ndi ya mawaya awiri, imapanga yokha timagetsi tochepa mano achitsulo ozungulira ndi injini akamadutsa pa maginito ake. Sitata ikamazungulira mwaulesi, timagetsito timachepa ndipo khodi imalembedwa sensa ili bwinobwino. Onaninso waya wa ethi wochoka ku injini, ngati wachita dzimbiri mupaleni.

Tsopano sensayo. Zulani pulagi, muyeze ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ikazizira iyenera kuwerenga pakati pa 1,630 ndi 2,740 ohms, ikatentha pakati pa 2,065 ndi 3,225. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa, chifukwa amayeza m'mawa pa garaja injini ili yozizira, n'kupeza zonse zili bwino. M'kati mwa sensa muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi. Kakathyoka, kamagundanabe kukazizira, koma kutentha kukafika, makamaka dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno, kamalekana. Choncho yendani ndi multimeter m'galimoto, ndipo ikangozima imani pambali muyeze pomwepo, mosamala kuti musapse. Ikaonetsa kuti waya waduka, sensayo ndi yowonongeka ngakhale ndi yatsopano, ndipo zotchipa zopanda dzina zimachita zimenezi kawirikawiri. Funani ya Denso yeniyeni.

Koma poti mwasintha kawiri, ine ndikukayikira mawaya. Bwezerani pulagi, chotsani batire, muzule pulagi ya ku kompyuta, muyeze pa mapini a NE+ ndi NE-, pomwe mawaya a sensayi amafikira. Nambala iyenera kufanana ndi yomwe munapeza pa sensa. Mnzanu azigwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, kuyambira pa sensa kukwera m'mwamba, inu maso ali pa multimeter. Nambala ikadumpha, waya waduka pomwe pali dzanja lakepo. Mabampu a msewu wa M5 amachititsa mawaya kukhuzana ndi chitsulo mpaka kusupuka, ndipo galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe makoswe sayisiya.

Waya wa sensayi uli ndi chikuto cha tiwaya toluka choteteza uthenga ku phokoso la magetsi ena. Ngati wina analumikizapo waya wamba n'kukulunga ndi tepi, kapena anaudutsitsa pafupi ndi mawaya a ma spark plug, khodi sidzatha. Alitaneta yomwe diode yapsa imabweretsanso phokoso lomweli. Injini ikulira, yezani magetsi a AC pa batire, akaposa 0.5V, alitaneta ikakonzedwe.

Pulagi muyiyang'ane ndi tochi. Mukaona zobiriwira pa mapini, mwalowa madzi, mwina potsuka injini kapena podutsa m'zithaphwi nthawi ya dzinja. Mukaona oyilo, mwina silo yotseka oyilo kutsogolo kwa injini ikudontha, ndipo osayisintha vuto libwereranso. Tsukani ndi contact cleaner, osati petulo, ndipo mapini akhwefuka muwafinye kuti azigwira.

Chinanso chomwe chimachitika posintha: O-ring yakale, kamphira kozungulira ka pa sensa, imatsalira m'bowo, sensa yatsopano n'kulephera kukhala pansi, mpata pakati pa iyo ndi mano n'kukula. Tulutsani sensa ndi O-ring yakaleyo, pukutani tizitsulo tomata kunsonga kwa sensa, ndipo muunike m'bowomo wina akuzunguza injini ndi sipanala. Mano alipo 34, ndi mpata umodzi waukulu womwe anaupanga dala. Dzino lopindika kapena lothyoka limasokoneza kuwerenga.

Mukakonza, fufutani khodi, muyende mpaka ku Senga Bay ndi kubwerera masana kuti injini itenthe mokwanira. Khodi ikabweranso, tilembereni nambala zomwe mwapeza pa sensa ndi pa kompyuta, yozizira ndi yotentha.