Ntchito inatha, mayi a kunyumba apita kwawo, ine mtima uli pa nyimbo

Azakhali,

Ndine bambo wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni. Kampani imene ndagwirako zaka 8 inachepetsa antchito, ine ndinali m'gulu la ochotsedwawo. Kuyambira ndili mnyamata ndimapeka nyimbo, moti zina amayimba a kwaya kutchalitchi kwathu. Nditalandira ndalama zondichotsera ntchito ndinagula gitala n'kupereka theka la ndalama zojambulitsira chimbale ku studio. Mayi a kunyumba atamva anati ndapenga. Anatenga ana n'kupita kwa mayi awo ku Ntcheu, ndipo foni sakuyankha. Abale anga akuti ndisiye zachibwanazi ndikasake ntchito. Ndisankhe chiyani, banja kapena luso langa?

Bambo wothedwa nzeru, Blantyre

Bambo,

Pepani ndi kutha kwa ntchito. Koma funso lanu ndalikana. Mayi sanathawe gitala ayi. Zaka zonsezi mwakhala mukuyimba m'nyumbamo, iwo akuphika nsima, sanamange katundu. Chawachotsa n'chakuti ndalama zomaliza za banja munazigawa nokha, iwo n'kumva zitatha kale. M'kalata yanu mwalemba kuti "atamva". Anamva kwa ndani?

Tiwerengere limodzi. Mwa lamulo la ntchito la dziko lino, wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito amalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, ndi masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi. Pa zaka 8 ndiye masabata 19, miyezi inayi ndi kakang'ono. Ndalama zimenezo mayi anali ataziwerengera kale mumtima: lendi, fizi, thumba la chimanga, makala, mayunitsi a magetsi. Ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukudziwa nokha kuti ndalama sikukhalitsa m'manja. Mayi wa ana awiri akaona zotere sagona tulo. (Ngati mukukayika kuti anakupatsani zosakwana, pitani ku ofesi ya za ntchito, ndiponso funsani za penshoni yanu.)

Abale anu nawonso akulakwa potcha luso lanu zachibwana. Munthu amene nyimbo zake zikuyimbidwa ndi kwaya ali ndi mphatso. Vuto n'lakuti chimbale sichidyetsa msanga. Masiku ano ma CD sayendanso malonda, nyimbo anthu amangotumizirana pa WhatsApp kapena kukaikitsa pa memory card kwa anyamata obena aja, mwini wake osaona ngakhale tambala. Oyimba ambiri amapezera ndalama pa zoyimbayimba: maukwati, zinkhoswe, mashowo. Pitani mukakambirane ndi a ku studio kuti ndalama munaperekazo mujambulire nyimbo imodzi kapena ziwiri zomwe mumazidalira, zotsalazo zidikire. Nyimbozo mukazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, kuti zikayamba kuseweredwa pa wailesi mudzapezepo kanthu. Lowerukanso lililonse mu Blantyre muli maukwati. Gitala mwagula kale, igwireni ntchito: phunzitsani ana a anthu kuyimba, lowani bandi yomwe ikusowa munthu. Masana makalata ofunsira ntchito azipitabe, ndipo ganyu akapezeka musamunyoze.

Tsono za ku Ntcheu. Lekani kuimba foni usiku ndi usana. Uzani nkhoswe yanu ilumikizane ndi nkhoswe ya kuchikazi, mukwere basi mupite. Musapite chimanjamanja: sopo, shuga, ndalama ya ana, ngakhale yochepa. Ana ndi udindo wanu kaya ali ku Chilomoni kaya kwa agogo awo. Mukakhala pansi musakayambe ndi kufotokoza kukoma kwa nyimbo zanu, apongozi sakazimva zimenezo. Kapepeseni chifukwa chosawafunsa mayi. Kenako muwaonetse pepala: zatsala ndi izi, za lendi ndi izi, za sukulu ndi izi. Ndalama za ana azisunga iwowo. Mugwirizane nthawi yoyesera zoyimbazi, kaya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ikakwana mudzakhalenso pansi muone ngati zikubweretsa kanthu.

Mwina sakabwera tsiku lomwelo. Musakawakakamize, komanso musakatenge ana mokangana. Mukabwerera, tumizani ndalama pa foni mwezi ndi mwezi monga mwalonjezera pamaso pa ankhoswe.

Azakhali