Fetereza wa maluwa pa chamba cha m'nyumba: ndiyambe liti?

Funso: Akulu, ndili ku Joni kuno ndipo ndadzala mitengo iwiri ya chamba m'chipinda, ya ine ndekha. Ndasintha magetsi kuti aziyaka maola 12 okha patsiku kuti chiyambe maluwa. Ndisiye lero lomwe fetereza wokulitsa uja? — Wa ku Cape Town

Yankho: Ayi achimwene musathamange. Mukachoka pa maola 18 kupita 12, chamba chimayamba kaye chatalika kwambiri kwa masabata awiri kapena atatu, nthawi imeneyo naitrojeni akufunikabe ndithu, mukamudula msanga masamba apansi amachita chikasu n'kuyoyoka. Dikirani muone tiubweya toyera tikutuluka pomwe nthambi yakumana ndi thunthu, pamenepo muyambe kusakaniza theka fetereza wakale theka wa maluwa, amene ali ndi fosforasi ndi potaziyamu wambiri, kenako sabata yotsatira wa maluwa yekha. Nsonga za masamba zikapsa ndiye kuti mwachulutsa, chepetsani.

Ngati mbewu yanu ndi autoflower (mtundu umene umayamba maluwa wokha ukakula), kusintha maola a magetsi kulibe ntchito, ingoyang'anani tiubweyato.

Kumeneko khoti linalola mu 2018 munthu wamkulu kudzala kwake kobisika, koma kumudzi kuno popanda laisensi apolisi akunjatani.