Cobra yomangitsa siibweza ndalama achimwene

Achimwene ngati galimoto ya liwiro ya Cobra mukufuna kumangitsayo mwaiwerengera kuti mudzagulitsa n'kupeza kaphindu, ndalamazo kaguleni puloti kumudzi. Ine mpaka lero ndikamva injini ya V8 ngati ya Cobra ikulira mumsewu mtima umandipweteka.

Cobra imene inagulitsidwa $13.75 miliyoni mu 2016 inali yoyambirira yeniyeni ya 1962 ya Carroll Shelby, amene anayambitsa Cobra, anthu ankagula mbiri ndi nambala ya chasisi. Zathuzi ndi ma replica basi, zongotengera maonekedwe a yeniyeniyo, bodi ya fibre.

Yanga ndinapereka kwa makaniko wina konkuno ku Joni, munthu woti tinkadya naye nsima mbale imodzi, anati R180,000 ikwana zonse. Kenako giyabokosi, kenako suspension ya Jaguar XJ6 akuti yatha mabushi, penti anapopera kawiri poti yoyamba inatupa, mipando, mawaya, pomwe ndimazindikira ndadutsa R300,000 ndipo zonsezo za ma ovataimu, kumudzi ndikuwauza kuti adikire kaye malata.

Tsiku la police clearance, pomwe apolisi amaona manambala a galimoto ngati siyakuba, ndi limene sindidzaiwala. Ndinaitsuka m'mawa, mwana wanga wamwamuna anakakamira kuti apite nawo. Wapolisi watsegula boneti, wapukuta oyilo pa block ya injini ndi kansanza, waunika ndi tochi, osayankhula, waunikanso, basi kukodola mnzake. Anandiuza ndiwerame ndione ndekha. Nambala ya injini anaipala ndi grinder n'kudindapo ina, zilembo zokhotakhota, malowo akuwala kusiyana ndi chitsulo chonse. Anandikhazika pabenchi ngati wakuba anthu akundiyang'ana, mwana akungofunsa kuti adadi tipita nthawi yanji, kukamwa kwanga gwa. Galimoto inatsala konko ife kubwerera pa taxi. Kumuimbira makaniko uja akuti ndili pamaliro ndikuimbirani, madzulo ake wandibuloka. Ankadziwa ameneyo!! Ndalama ya injini analandira yonse kutsogolo, lisiti ankangoti mawa mawa. Munthu wopanda chisoni, mpaka pano akuti akumangirabe anthu magalimoto.

Itatuluka kupolisi ndinaikamo injini ya Lexus 1UZ, mapepala anatuluka a built-up, code 3, kutanthauza galimoto yochita kumanga ndi zipangizo zosiyanasiyana. Apa ndiye pamafera mtengo. Wogula akangoona code 3 amayamba kukanda mutu, mabanki ambiri safuna kupereka ngongole pa galimoto yotero ndiye umadikira wa cash, ndipo wa cash amadziwa kuti wapanikizika. Ndinaitaya pa R140,000, munthu wake akunenanso kuti ikanakhala ya injini ya Ford akanawonjezera.

Zimene zimagwirako mtengo ndi za kufakitale, Superformance zija amapanga a Hi-Tech Automotive ku Gqeberha kapena Backdraft ya ku Durban, poti dzina likudziwika komanso mapepala ake ndi olongosoka. Ya m'galaja ya kuseri kwa nyumba wogula sakulipirani thukuta lanu ayi.

Ndiye ine ndingoti ngati Cobra mukuifunabe gulani yomangamanga yoti mwini wake watopa nayo, aluze iyeyo. Komabe mukapeza bodi ndi chasisi zotchipa musazisiye, kuyendetsa chinthu choti mwachiona chikubadwa n'kokoma zedi, ndipo amakaniko ang'onoang'ono omwewa ndi amene ntchito amaidziwa. Injini mukagule nokha Ford 302, nambala muione ndi maso anu isanalowe, muijambule, lisiti lililonse musunge, ndalama muzipereka pang'onopang'ono ntchito ikaoneka. Mukafuna ndikuperekezeni kokaona injiniyo ndilembereni ku inbox.